Funsani za Kompyuta: Kudzimangira Makina a Patebulo Ndalama Zili Zochepa

Makalata ambiri amene tilandira mwezi uno akuchokera kwa anthu amene aona mitengo ya kompyuta zatsopano m'mashopu n'kuganiza zogula zipangizo payekhapayekha kuti alumikize okha. Nzeru imeneyi ndi yabwino, bola zipangizozo zikhale zogwirizana. Tasankhapo makalata amene mayankho ake angathandize anthu ambiri.

Ndili ndi kashopu kolembera makalata, kupanga makadi a ukwati ndi kusindikiza zikalata. Ndimagwiritsa ntchito Word, Excel, CorelDRAW ndi Photoshop pang'ono. Laputopu yanga yatopa. Ndikufuna kumanga kompyuta ya patebulo koma ndalama ndi zochepa. Ndiyambire pati? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, yambirani pa purosesa, ubongo wa kompyuta, chifukwa ndi imene imalamula zina zonse. Purosesa iliyonse ili ndi soketi yake, malo amene imakhalapo. Soketiyo ndi imene imasankha motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse, ndipo motherboard ndi imene imasankha mtundu wa RAM, yosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwira. Mukayamba ndi kugula kesi (bokosi la kompyuta) yokongola kapena RAM imene mwaipeza motchipa, mudzakakamizika kugula zina zonse motsatira chinthu chaching'ono.

Pa ntchito yanuyi pali njira ziwiri zimene timazikhulupirira. Yoyamba ndi AMD Ryzen 5 5600G, imene inatuluka mu 2021. Ili ndi ma core 6 (timagawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa), imadya magetsi ochepa, pafupifupi 65W, ndipo m'bokosi mwake mumabwera cooler yoiziziritsa. Imalowa pa soketi ya AM4, choncho mufunika motherboard ya A520 kapena B550. Yachiwiri ndi Intel Core i3-12100 ya mu 2022, ya ma core 4, imene imalowa pa soketi ya LGA1700, pa motherboard ya H610 kapena B660. Musaipeputse chifukwa cholembedwa i3. Imathamanga kuposa ma i7 akale ngati i7-3770 ya mu 2012, amene akugulitsidwabe ndi dzina lalikulu.

Yang'anitsitsani chilembo chakumapeto kwa dzina. Kwa AMD, pa soketi ya AM4, G akutanthauza kuti purosesayo ili ndi mphamvu yotulutsa zithunzi pa sikirini payokha. Ryzen 5 5600 yopanda G ilibe mphamvuyo. Kwa Intel zili mosemphana: yopanda chilembo imatulutsa zithunzi, koma yokhala ndi F, ngati i3-12100F, sitero. Ya F imatsikako mtengo, n'chifukwa chake ambiri amaithamangira, kenako n'kupeza kuti kompyuta siionetsa kanthu mpaka atagula graphics card, khadi yapadera yotulutsa zithunzi, imene mtengo wake umaposa kutali ndalama anapulumutsazo. Inu graphics card simukuifuna, ndiye tengani 5600G kapena 12100 yopanda F. Pa ziwirizi ife tingatenge 5600G, chifukwa mbali yake ya zithunzi ndi yamphamvuko.

Zotsala ndi izi: ma RAM awiri a DDR4 a 8GB iliyonse, a liwiro la 3200; SSD (yosungira mafaelo) ya mtundu wa NVMe ya 500GB kapena 512GB; power supply (yogawa magetsi m'makina) yodalirika ya 450W mpaka 550W; ndi kesi wamba yolandira motherboard ya microATX, imene imakhala ya 244mm mbali zonse kapena yocheperapo. Mukasankha njira ya Intel, werengani pa bokosi la motherboard ngati ndi ya DDR4 kapena DDR5, chifukwa ma motherboard a LGA1700 alipo a mitundu yonse iwiri ndipo imodzi silandira RAM ya inzake.

Chomaliza ndi kagulidwe. Mitengo ya zinthu izi imatsata dola, ndipo aliyense akukumbukira mmene inalumphira kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndiye n'zomveka kufuna kugula chimodzichimodzi ndalama ikangopezeka. Kesi, power supply ndi SSD mukhoza kutero. Koma purosesa, motherboard ndi RAM muzigule nthawi imodzi, makamaka pamalo amodzi, ndipo wogulitsa aziyatse inu mukuona. Motherboard imene yakhala m'kabati miyezi 4 kudikira purosesa, ikadzapezeka kuti ndi yakufa, palibe amene adzailandirenso.

Ndinagula Ryzen 5 5600G ndi motherboard ya B450 kudzera kwa mchimwene wanga wa ku Johannesburg. Ndalumikiza zonse. Ndikadina batani mafani akuzungulira koma sikirini ili bii. Kodi ndaotcha chinthu? Mnyamata wa ku Ndirande

Achimwene, mtima pansi. Mafani akamazungulira, nthawi zambiri palibe chapsa. Chimene tikuchikayikira kwambiri ndi BIOS, kapulogalamu kamene kamakhala mu motherboard momwemo kamene kamazindikira purosesa. Ma B450 anatuluka mu 2018, Ryzen 5000, banja la 5600G yanuyo, isanabadwe. Soketi ndi imodzimodzi, purosesa imalowa bwinobwino, koma BIOS ikakhala yakale, motherboard siidziwa purosesayo. Onani pa bokosi ngati pali kachizindikiro kolembedwa kuti Ryzen 5000 Desktop Ready. Ngakhale ma B550 ndi A520 amene anapangidwa mu 2020 n'kukhalitsa m'sitolo amatha kuchita zomwezi ndi 5600G.

Musanafike pa BIOS, chotsani kaye zifukwa zing'onozing'ono. Zimitsani pakhoma. Onani ngati chingwe cha mapini 8 cha purosesa, chimene chimalowa pakona yakumtunda kwa motherboard, chalowa. Ambiri amalowetsa chachikulu cha mapini 24 n'kuiwala ichi. Onetsetsani kuti ndi cholembedwa CPU kapena EPS, chimene chimagawika 4 ndi 4, osati cholembedwa PCIe chimene chimagawika 6 ndi 2, chifukwa mawaya ake ndi osiyana. Kenako zulani ma RAM onse, bwezerani imodzi yokha mu mpata wachiwiri kuchokera pa purosesa, ndipo kanikizani mpaka timano ta m'mbali titseke tokha ndi kaphokoso. RAM yolowa theka kawirikawiri imachititsa sikirini yakuda. Onaninso kuti monita yasankhidwa pa khomo loyenera, HDMI kapena VGA. Ngati motherboard yanu ili ndi timagetsi 4 tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, kamene kakhala koyaka ndi kamene kakuloza vuto. Zikakanika, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi 5, bwezerani, yesaninso.

Zonsezi zikalephera, ndiye BIOS ija. Yang'anani kumbuyo kwa motherboard, pamene pali madoko a USB, ngati pali kabatani kakang'ono. MSI amakatcha Flash BIOS Button, Gigabyte amati Q-Flash Plus, ASUS amati USB BIOS FlashBack. Kakakhalapo, mukhoza kukonza popanda purosesa ina. Tengani fulashi, ifomateni pa FAT32, koperani BIOS yatsopano pa tsamba la kampani yomwe, ya modelo yanu ndendende. Faeloyo imafuna kusinthidwa dzina: ya MSI ikhale MSI.ROM, ya Gigabyte ikhale gigabyte.bin, ndipo ASUS amapereka kapulogalamu kotchedwa BIOSRenamer. Lumikizani zingwe za mapini 24 ndi 8, lowetsani fulashi mu doko la USB lolembedwa BIOS, dinani kabataniko, kompyuta ili yozima. Kagetsi kadzaphethira kwa mphindi zingapo. Musakhudze kanthu mpaka kasiye. Ntchito imeneyi ichitikire pa UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi) kapena pa inveta, chifukwa magetsi akathima ili pakati, BIOS imaonongeka.

Kabatani kakapanda kukhalapo, pitani kwa wokonza makompyuta amene ali ndi Ryzen yakale, ngati 2600 kapena 3600. Aiike, akweze BIOS, kenako abwezeretse yanu. Pozula cooler, ayambe aipotoza pang'ono kumanja ndi kumanzere, chifukwa pa AM4 purosesa imatha kumatirira ku cooler n'kuzuka nayo, timapini n'kupindika.

Wogulitsa akuti RAM imodzi ya 16GB ndi chimodzimodzi ndi ziwiri za 8GB. N'zoona? Komanso ndili ndi RAM ya mu laputopu yakufa, ingalowe? Mphunzitsi wa ku Mzimba

Aphunzitsi, kukula kwake n'chimodzimodzi koma liwiro ayi. Purosesa ili ndi njira ziwiri zolankhulira ndi RAM, ndipo mukaika imodzi, njira inayo imangokhala. Pa Word simungaone kusiyana kwenikweni. Koma pa purosesa ngati 5600G, imene mbali yake ya zithunzi imabwereka RAM yomweyo, RAM imodzi imaipundula kwambiri pa magemu ndi pa ntchito za zithunzi. Gulani ziwiri zofanana, za m'paketi imodzi. Motherboard ikakhala ndi mipata 4, ziikeni mu wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, yolembedwa A2 ndi B2. Mukayatsa koyamba, lowani mu BIOS n'kutsegula XMP, imene ASUS pa AMD amaitcha DOCP. Mukapanda kutero, RAM zambiri za 3200 zimayenda pa 2133 kapena 2400 basi.

Ya mu laputopu singalowe. Ndi yaifupi, ya mapini 260 ikakhala DDR4, pamene ya kompyuta ya patebulo ili ndi 288. Ndipo RAM ikamakana kulowa, onani kampata kapakati ngati kakulunjika, musaikakamize.

Ndapeza kesi yotchipa yobwera ndi power supply yake yolembedwa 500W. Yodziwika dzina ya 500W yomweyo ikudula kuposa kesi yonseyo. Ndiwonongerenji ndalama? Ndipo kwathu magetsi amathimathima, nditeteze bwanji makina? Bambo wa ku Kasungu

Bambo, pa zipangizo zonse, apa ndi pamene tikukupemphani kuti musaumire. RAM yotchipa ikafa, imafa yokha. Power supply yachabechabe ikafa, imatha kupita ndi motherboard, SSD ndi mafaelo anu onse.

Nambala ya 500W yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu musaikhulupirire. Tembenuzani power supply muwerenge katebulo ka pambali pake, mupeze pamene palembedwa +12V, chifukwa purosesa ndi graphics card zimadya kuchokera pamenepo. Chulukitsani ma ampere ake ndi 12. Pakalembedwa 18A, ndiye kuti mphamvu yeniyeni ndi 216W, zotsalazo aziwerengera pa 3.3V ndi 5V zimene makina amakono sazigwiritsa ntchito kwambiri. Ya 500W yoona imaonetsa cha m'ma 40A, kutanthauza 480W. Inyamuleninso m'manja. Yachabechabe imapepuka ngati chitini chopanda kanthu, mawaya ake ndi oonda, ndipo kawirikawiri sikhala ndi chingwe cha graphics card. Pa bokosi la yabwino pamalembedwa chitetezo chimene ili nacho: OVP, OCP, OPP, SCP, kutanthauza kuti imadzizimitsa mphamvu ikapyola muyeso kapena mawaya akagundana. Chizindikiro cha 80 Plus chimangonena kuti siitaya magetsi ambiri ngati kutentha, sichilonjeza kuti zamkati ndi zolimba, komabe yopanda ngakhale chizindikiro chimenechi ikayikireni. Makampani ngati Seasonic, Corsair, Cooler Master, be quiet! ndi FSP ali ndi zotsika mtengo zimene n'zodalirika. Funsaninso za waranti, ya zaka 3 kapena 5, ndiponso amene adzaisamalire kuno ikavuta.

Makina opanda graphics card ngati amene tafotokozera mayi a ku Area 25 sadya kupyola 150W ngakhale atapanikizika. Choncho simukufuna 750W. Ya 450W yoona ikukwanirani ndipo ikusiyirani malo.

Chenjezo limodzi kwa ogula zakale zochokera ku America: zina zili ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu ndi a 230V. Kakakhala pa 115 inu n'kulumikiza, imaphulika nthawi yomweyo.

Pa za kuthima kwa magetsi, chimene chimapha makina si kuthimako kokha koma kubwera kwake, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola, komanso kutsika kwa mphamvu madzulo pamene mababu amachita kufiira. Gulani UPS yokhala ndi AVR, imene imawongola mphamvu ikatsika kapena ikakwera. Dziwani kuti VA si W: UPS ya 650VA imanyamula cha m'ma 360W mpaka 390W. Imakwana pa makina a muofesi ndi monita imodzi, koma pa makina okhala ndi graphics card yaikulu yang'anani ya 1000VA kupita m'mwamba. Mkati mwa yaing'onoyo muli batire imodzi ya 12V 7Ah, ndiye ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa zosungira zimene mumalemba ndi kuzimitsa bwinobwino, osati kupitiriza ntchito masana onse. Purinta ya laser musailumikize ku UPS, imakoka mphamvu yambiri ikamatenthetsa ndipo imagwetsa zonse. Batire ya UPS imatopa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu ndipo mukhoza kusintha batire yokhayo. Nyengo ya mvula, mphezi zikayamba, zulani pulagi kukhoma pamodzi ndi chingwe cha netiweki. Palibe adaputala imene ingaimitse mphezi yogwa pafupi.

Bwanji ndingogula Dell kapena HP yakale ya ex-UK, yogwiritsidwa kale ntchito ku Britain, n'kumaiwonjezera pang'onopang'ono? Wophunzira wa ku Zomba

Ngati ndalama zili zochepa zedi ndipo ntchito ndi ya sukulu, iyi ndiye njira yotchipa kuposa kumanga. Makina a muofesi ngati Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi EliteDesk, kapena Lenovo ThinkCentre anapangidwa kuti azigwira ntchito tsiku lonse kwa zaka. Koma sankhani m'badwo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo, ndiponso, kwa Intel, purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. M'badwo umaoneka pa nambala yoyamba, kapena ziwiri zoyamba manambala akakhala 5: i5-8500 ndi wa 8, i5-6500 ndi wa 6, i3-12100 ndi wa 12. OptiPlex 3060, 5060 ndi 7060 kapena EliteDesk 800 G4 ndi a m'badwo wa 8, ndipo i5-8500 ili ndi ma core 6. OptiPlex 7040 ndi 7050 atsalira kumbuyo kwa mzere umenewu.

Pa kuwonjezera, RAM ndi SSD zimatheka mosavuta. Kupyola apo pali khoma. Ambiri mwa makinawa ali ndi power supply yaing'ono ya 180W mpaka 260W yokhala ndi mapulagi akeake, osati a mapini 24, ndipo motherboard yake siikwana mu kesi wamba. M'makesi opyapyala a SFF mumangolowa graphics card yaifupi ya low profile yosafuna chingwe cha magetsi, ngati GTX 1650 ya mtundu umenewo. Ngati maloto anu ndi kudzaikamo khadi yaikulu, mangani yanu kuyambira pachiyambi.

Mwana wanga akufuna kompyuta yosewerera mpira ndi magemu ena. Pa Facebook ndikuona ma graphics card akale otchipa. Ndingadziwe bwanji yabwino? Kholo la ku Mzuzu

Yambani mwadziwa kuti 5600G yokhala ndi ma RAM awiri imaseweretsa magemu opepuka, zithunzi zikatsitsidwa, ndiye mukhoza kuyamba popanda khadi n'kudzaigula m'tsogolo. Koma ngati khadi mugula lero lomwe, tengani Ryzen 5 5600 yopanda G. Ili ndi cache (kankhokwe kachangu ka m'kati mwa purosesa) ya 32MB pamene 5600G ili ndi 16MB, ndipo pa B550 imayendetsa khadi pa PCIe 4.0 pamene 5600G imalekera pa 3.0. Khadi yoyenerana nayo pa ndalama zochepa ndi Radeon RX 6600 ya 8GB, imene imadya 132W kudzera pa chingwe chimodzi cha mapini 8, ndipo power supply yoona ya 550W imainyamula. Yezani utali wa khadi ndi malo a mu kesi musanagule.

Pa zakale, osapereka ndalama musanaione ikugwira ntchito. Pali makadi abodza, makamaka olembedwa GTX 1050 Ti, amene mkati mwake ndi makadi akalekale osinthidwa dzina. Mukaona doko labuluu la VGA pa khadi yotchedwa GTX 1050 Ti, isiyeni, chifukwa makadi a m'badwo umenewo anasiya VGA. Kapulogalamu kaulere ka GPU-Z kamaonetsa zamkati, ndipo ambiri abodzawa kamawalemba FAKE. RX 580 nayonso ili pawiri: yeniyeni ili ndi ma shader (timagawo topanga zithunzi) 2304, ina yotchedwa 2048SP ndi yofooka, ndipo ambiri mwa makadi amenewa anagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za crypto. Iyeseni ndi FurMark kapena gemu yolemera kwa mphindi 20. Mafani onse azungulire popanda kukhuluza, ndipo mukaona timadontho, mizere kapena sikirini kuthima, bwezani. Mukaiika kunyumba, chingwe cha monita chilowe pa khadiyo, m'munsi, osati pa motherboard.

SSD kapena hard disk? Ya 1TB hard disk ikutchipa kuposa SSD ya 500GB. Wowerenga wa ku Mangochi

Windows ikhale pa SSD, palibe zokambirana. Hard disk imawerenga cha m'ma 150MB pa sekondi, SSD ya SATA imafika 550MB, ya NVMe pa PCIe 3.0 imatha kufika 3500MB. Hard disk idzabwere pambuyo ngati nkhokwe ya mavidiyo ndi zithunzi. NVMe yake ikhale ya saizi ya 2280, ndipo funsani bwino, chifukwa ziliponso za M.2 zooneka mofanana koma zili za SATA, zimene mipata ina siizilandira. Ya 500GB ikaoneka ngati 465GB mu Windows, simunaberedwe, ndi kawerengedwe chabe. Imene muyenera kuiopa ndi ya 2TB yopanda dzina ya mtengo wa fulashi. Iyeseni ndi H2testw, imene imadzaza SSD yonse n'kuwerenganso. Yakale iliyonse ioneni ndi CrystalDiskInfo kuti mudziwe maola amene yagwira ntchito ndi thanzi lake.

Kuno kumatentha kwambiri ndipo fumbi ndi losaneneka. Cooler yobwera ndi purosesa ikwana? Wowerenga wa ku Nchalo

Pa purosesa ya 65W ngati 5600G kapena pa i3-12100 ikwana, bola mpweya uziyenda mu kesi. Sankhani kesi ya maukonde kutsogolo, osati yotsekedwa ndi galasi kapena pulasitiki. Ikani mafani awiri a 120mm kutsogolo okokera mpweya mkati ndi imodzi kumbuyo yotulutsa. Olowetsa akachuluka kuposa otulutsa, fumbi limalowera pa sefa yakutsogolo m'malo molowera m'ming'alu yonse. Mpweya umatulukira mbali imene kuli timipiringidzo togwira mota ya fani.

Cooler yatsopano imabwera itapakidwa kale thermal paste, phala lopititsa kutentha ku cooler, pansi pake, musaipukute kapena kuonjezera ina. Mukagula cooler yapadera, matulani kapulasitiki ka pansi pake, ikani kadontho kamodzi ka paste pakati pa purosesa, ndipo mangani masikuluwu mopingasa, pang'onopang'ono, kona ina kenako yoyang'anana nayo. Chingwe chake chilowe polembedwa CPU_FAN. Poika motherboard mu kesi, timiyendo tamkuwa tikhale pamene pali mabowo ake pokha, chifukwa kowonjezera kogunda pansi pa bolodi kamachititsa shoti.

Kesi ikhale patebulo kapena pa kabenchi, osati pa simenti pamene tsache limadutsa m'mawa uliwonse. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, tsukani sefa milungu iwiri iliyonse, ndipo pakatha miyezi 3 tsegulani kesi panja muipemerere ndi blower, mutagwira mafani ndi chala kuti asazungulire mopyola. Ikani HWiNFO kapena HWMonitor muziona kutentha. Malire a 5600G ndi madigiri 95. Ikamafika 70 kapena 80 pa ntchito yolemera mu October palibe vuto, koma ikamakhala pamwamba pa 90, zimitsani, chotsani fumbi pa cooler, ndipo ngati sizisintha, pukutani paste yakale ndi spirit, ikani yatsopano, mumangenso cooler mofanana mbali zonse 4.